Tisananyamuke Kupita ku Binga, Tidziwe Kumene Malichero Aja Achokera

Ulendo wa ku Binga wayandikira tsopano. Mayina alembedwa, ndalama zikusonkhedwa, ndipo mafunso amene akuzungulira ndi omwe aja: tinyamule zovala zingati, mapasipoti atuluka liti, netiweki kumeneko imagwira kodi? Ndi mafunso oyenera ndithu. Koma pali kukonzekera kwina kosalowa m'chikwama. Tikupita kukakhala ndi amayi oluka malichero m'boma la Binga, m'chigawo cha Matabeleland North ku Zimbabwe. Ndiye ndi bwino tidziwiretu chifukwa chimene amayiwa akukhalira kumene aliko, komanso mmene lichero, chiwiya wamba cha pakhomo, linasandukira cholipirira fizi ya ana. Khalani pansi muwerenge mofatsa, chifukwa mbiri yake ikutikhudza ife a ku Malawi kuposa mmene mukuganizira.

Atonga ake ndi ati?

Poyamba tisasokoneze zinthu. Mukamva kuti Atonga, ambiri mwa inu maganizo amathamangira ku Nkhata Bay. Awa ndi ena. Dzina ndi lofanana, koma chilankhulo ndi mbiri n'zosiyana, moti mnzathu wa ku Chintheche asayembekezere kuti akakhala womasulira wathu. Atonga a ku Binga ndi abale a Atonga a kumwera kwa Zambia, a ku Choma, Monze ndi Sinazongwe. Akhala m'chigwa cha mtsinje wa Zambezi kwa zaka mazanamazana, ndipo ali ndi mawu odzitchulira okha akuti basilwizi, kutanthauza anthu a kumtsinje.

Damu la Kariba lisanamangidwe, moyo wawo wonse unkayendera mtsinjewo. Chaka ndi chaka Zambezi inkasefukira, ndipo madzi akaphwa ankasiya nthaka yachonde m'mphepete. Pamenepo anthu ankalima madimba, ngati mmene amachitira anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Choncho banja linkakolola kawiri pa chaka: nthawi ya dzinja mapira ndi mchewere kumunda, nthawi ya chilimwe chimanga, maungu ndi fodya kudimba. Nsomba zinali pafupi. Mtsinje unalinso msewu. Mudzi wa tsidya lino ndi wa tsidya lija ankakwatirana, kuitanirana mowa ndi kulirana maliro, ndipo bwato linkangowoloka basi. Pa nkhani ya mbumba amafanana ndi Achewa: mtundu wa mwana umachokera kwa mayi, ndipo malume amakhala ndi mawu.

M'moyo umenewo lichero linali ndi ntchito yake yodziwika, kupeta mapira ndi mchewere. Mtsikana ankaphunzira kuluka poonera amayi ake ndi agogo ake. Palibe ankaganiza kuti tsiku lina lichero lomwelo lidzapachikidwa pakhoma m'nyumba za ku London kapena New York.

Damu la Chitaganya

Mu 1953 boma la Britain linalumikiza maiko atatu kukhala Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Funsani agogo anu za chitaganya, akuuzani mmene makolo athu anachikanira. Boma la chitaganyacho linkafuna magetsi ambiri oyendetsera migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, ndi mafakitale a ku Salisbury ndi Bulawayo ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Panali mkangano woti damu limangidwe pa mtsinje wa Kafue kapena pa Kariba. Mu 1955 boma la nduna yaikulu Godfrey Huggins linasankha Kariba. Chaka chotsatira World Bank inabwereketsa madola 80 miliyoni. Mapulani anajambula ndi injiniya wa ku France, André Coyne, ndipo ntchito yomanga inaperekedwa kwa kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit.

Khoma lake ndi lalitali mamita 128. Amene anaswa miyala ndi kuthira konkire pa dzuwa la m'chigwa chija anali amuna zikwizikwi ochokera m'maiko ozungulira, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, otengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito. Mwina wina mwa inu ali ndi agogo amene anagwirako. Mu 1957 ndi 1958 Zambezi inasefukira modabwitsa n'kuwononga zambiri pamalo omangapo. Atonga ankati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Ogwira ntchito oposa 80 anafera pa ntchitoyo. Khoma linatsekedwa mu Disembala 1958, madzi anayamba kukwera, ndipo mu Meyi 1960 mayi a Mfumukazi Elizabeth anadzatsegulira damulo. Kumbuyo kwa khomalo kunabadwa nyanja yotalika kupitirira makilomita 220, yomwe posunga madzi imaposa nyanja zonse zopangidwa ndi anthu pa dziko lapansi.

Magetsi a Kariba sanafike ku Nyasaland ngakhale anthu athu anakhetsera thukuta pamenepo. Ife tinadikira mpaka 1966 pamene makina a ku Nkula pa Shire anayamba kugwira ntchito. Koma zathuzo n'zochepa poyerekeza ndi zimene zinagwera eni chigwa.

Malole anabwera

Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuti madzi apeze malo: pafupifupi 34,000 kumbali ya Zambia ndi 23,000 kumbali ya Zimbabwe. Sanafunsidwe. Anangouzidwa ndi ma DC kuti madzi akubwera, konzekani. Ambiri sanakhulupirire. Inunso taganizani, munthu wachilendo kudzakuuzani kuti mtsinje umene makolo anu anamwa uima n'kukwera phiri. Malole anabwera, anthu anakwezedwa ndi mbuzi, nkhuku, mitondo ndi malichero awo, n'kukatsitsidwa kumtunda kwa miyala ndi mchenga, kumene mvula ndi yochepa, madzi akumwa ali kutali, ndipo kwina kunali ntchentche za tsetse zofalitsa kaodzera.

Ena anakana. Mu Seputembala 1958, pamudzi wa Chisamu m'dera la mfumu Chipepo kumbali ya Northern Rhodesia, amuna amene ankakana kupita ku Lusitu anakumana ndi apolisi. Iwo anali ndi mikondo ndi zibonga, apolisi anali ndi mfuti. Anthu 8 anaphedwa ndipo oposa 30 anavulala. Patangopita miyezi yochepa, mu Malichi 1959, kwathu kunonso boma linalengeza za chitetezo chapadera ndipo anthu anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay. Inali nyengo imodzi, pansi pa chitaganya chimodzi.

Kumbali ya Southern Rhodesia, komwe kuli Binga, anthu sanalandire chipukuta misozi chenicheni. Anapatsidwa chakudya cha kanthawi ndi kukhululukiridwa msonkho kwa kanthawi, basi. Manda a makolo ndi malo opembedzera mvula, amene iwo amati malende, anamira. Mabanja anagawikana, chifukwa pamene panali mtsinje wowoloka ndi bwato panadza nyanja yaikulu, ndipo kenako malire a maiko awiri osagwirizana. Panali anthu amene sanaonanenso ndi alongo awo mpaka imfa.

Pa nthawi yomweyo dziko lapansi linkamva nkhani ina. Nyama zakutchire zinatsekerezedwa pa zilumba madzi akukwera, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Rupert Fothergill linayamba kuzipulumutsa pa ntchito yotchedwa Operation Noah. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumuka, manyuzipepala a kunja analemba, anthu anasonkha ndalama. Kupulumutsa nyama si kulakwa ayi. Koma Atonga mpaka lero amakumbukira kuti zipembere ndi agwape zinatchuka kuposa iwo. Amene analemba za anthuwo mwatsatanetsatane ndi akatswiri awiri ofufuza za chikhalidwe, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, omwe anayamba kafukufuku wawo mu 1956 kumbali ya Zambia n'kumabwererako kwa zaka makumi angapo. Anaona njala, matenda, imfa za ana ndi okalamba, ndi kusweka kwa ulamuliro wa m'midzi m'zaka zotsatira kusamuka.

Ngakhale chuma cha nyanja yatsopanoyo sichinagwere m'manja mwawo. Kapenta, kansomba kofanana ndi usipa wathu, anabweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anaswana kwambiri, koma zilolezo ndi maboti ophera zinali za makampani ndi anthu a ndalama ochokera kwina. Mawaya a magetsi analunjika ku matauni. Minda yatsopano inayandikana ndi malo a nyama monga Chizarira, ndipo njovu zimatha munda wa mapira usiku umodzi.

Mmene lichero linasandukira ndalama

Tsono apa ndi pamene pakubwera amayi athu aja. Dimba litapita, kukolola kawiri kutatha, amuna ambiri atapita kukasaka ntchito ku migodi ya malasha ku Hwange ndi ku Bulawayo, mayi wa ku Binga anatsala ndi ana, mbuzi zochepa ndi luso la m'manja mwake. Mwamwayi, mtengo umodzi umakonda nthaka ya mchenga ndi kutentha: mgwalangwa, umene kumeneko amautcha ilala. Masamba ake ndi mlaza womwewu umene ife timalukira mikeka ndi zipewa.

Malichero athu ambiri ndi a nsungwi. A ku Binga ndi a mlaza, ndipo mudzawazindikira msanga chifukwa pansi pake amayambira ndi mbali zinayi, kenako n'kumazungulira mpaka kukamwa. Ntchito yake ndi yaitali. Mayi amapita kutchire kukadula nsonga za mlaza zosatambasuka, amaziphika, kuziyanika, n'kuzing'amba ndi mpeni kukhala timizere tating'ono tofanana. Tina amatisiya toyera, tina amatiphika ndi makungwa a mitengo kuti tide, makamaka a mtengo wobala tizipatso totchedwa nyii. Mafupa a lichero amachokera ku timitengo ndi zomera zoyanga za m'tchire. Akatero ndiye kuluka, mzere ndi mzere, pakati pa ntchito zina zonse za pakhomo. Maluwa ake, kaya ndi ofanana ndi ukonde wa kangaude kaya mphezi, sajambulidwa papepala. Ali m'mutu mwa woluka, ndipo amawerengera ndi zala.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, alendo oona malo anayamba kuchuluka ndipo malichero anayamba kupeza msika. Cha m'ma 1990, ndi thandizo lochokera ku Denmark, kunakhazikitsidwa Binga Craft Centre, malo osonkhanitsira malichero kuchokera ku magulu a amayi a m'midzi, kuwasankha malinga ndi ubwino wake, n'kuwagulitsa m'matauni ndi kunja. Kwa amayi ambiri iyi inali ndalama yoyamba yolowa m'manja mwawo mwachindunji. Inagula yunifolomu, mchere, mbuzi, ndi chimanga chaka cha chilala.

Msikawo sunayende mowongoka. Kuyambira 2000, chifukwa cha mavuto a ndale ndi a malo, alendo anachepa. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inagwa mphamvu moti kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Pa nyengo ngati zimenezo mavenda ena ankafika m'midzi n'kumasinthanitsa malichero ndi kaunjika kapena sopo, n'kukawagulitsa kutauni pa mtengo wokwera kangapo. Woluka amene ana ake agona ndi njala sakhala ndi mphamvu yokana. Vuto lina ndi mlaza weniweniwo. Ukadulidwa mopitirira muyeso, kapena mtengo ukagomedwa uchema, mlaza umasowa pafupi ndipo amayi amayenda mtunda wautali. N'chifukwa chake magulu ena anayamba kudzala migwalangwa yawo, ngakhale imatenga zaka kuti ifike podula.

Atonga sanangokhala manja lende kudikira thandizo. Mu 2002 anakhazikitsa bungwe la Basilwizi Trust lomenyera ufulu wa anthu a m'chigwa cha Zambezi. Ku Binga kuli nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe chawo, BaTonga Community Museum. Kuli bungwe la amayi la Zubo Trust, limene lathandiza amayi kulowa m'ntchito yopha kapenta yomwe kale inkaonedwa ngati ya amuna okha. Analimbikiranso kuti chilankhulo chawo chiziphunzitsidwa m'sukulu, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chitonga pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa mndandanda womwewo palinso Chichewa, chifukwa cha abale athu aja anapita ku Halale n'kukhazikika konko.

Nanga ife tipite bwanji?

Mwaona kuti anthu a ku Binga alendo obwera ndi mapulani anawaonapo kale. Anabwera a damu, a nyama, a kapenta, a mabungwe. Ena anathandiza, ena anawononga, koma amene anawononga kwambiri ndi amene anakonza zonse ali kutali n'kungofika kudzauza anthu zochita. Ifeyo ndi kagulu kochepa ka achinyamata, sitingamize mudzi wa munthu. Koma khalidwe lofika ndi mayankho okonzeratu tikhoza kulinyamula osadziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiye kukonzekera kwathu kuyambe ndi kufunsa.

Tisananyamuke, komiti ilembere atsogoleri a gulu la amayi limene latilandira n'kufunsa kuti akufuna tidzagwire ntchito yanji. Mwina ndi kujambula zithunzi zabwino za malichero kuti azitumiza kwa ogula pa foni. Mwina ndi kukonza buku lolembamo maoda, miyeso ndi malipiro. Mwina ndi kukumba maenje odzalamo migwalangwa kapena kutunga madzi othirira. Chimene anene, ndicho tiphunzire bwino tili konkuno. Ngati mwa ife mulibe wodziwa kulemba buku la ndalama, tisakaphunzirire pa ndalama za eni ake. Tifunsenso za nthawi. Mvula ikagwa aliyense amakhala kumunda, ndipo mlendo wofika nthawi yodzala amasanduka katundu.

Pa nkhani ya kuluka, aphunzitsi ndi iwowo. Mayi amene wakhala akuluka zaka 30 sakufunika mwana wa Fomu 4 womuuza kuti asinthe maluwa chifukwa choti anaona zina pa Instagram. Ngati akuphunzitsani kuluka, dziwani kuti maola amenewo akanaluka lichero logulitsa, ndiye m'bajeti mwathu mukhale ndalama yowalipira ngati aphunzitsi. Chakudya chathunso tilipire tokha. Dera lija limavutika ndi chilala kawirikawiri, ndipo mwambo wolandira alendo ungachititse banja kupha nkhuku yomaliza.

Pogula, tisanenerere. Ndikudziwa kuti ife kumsika tinazolowera kuti akatchula mtengo timayamba ndi theka, ndipo timanyadira tikatsitsa. Ku Binga chonde chizolowezi chimenecho tichisiye pa boda. Werengani masiku a kutchire, a kuphika, a kung'amba ndi a kuluka, kenako muone ngati mtengo watchulidwawo ukufika ngakhale pa ganyu wa tsiku. Tilipire ndi ndalama. Amene mumaganiza zonyamula zovala zakale kuti mukasinthanitse, mwamva kale mbiri ya kaunjika kumeneko. Nyamulani madola a ku America ang'onoang'ono, chifukwa chenji chimavuta, ndipo dziwani kuti kuyambira 2024 dzikolo lili ndi ndalama yakenso yotchedwa ZiG.

Za mafoni, tigwirizane kuno. Palibe kujambula munthu osapempha, palibe kujambula ana popanda chilolezo cha makolo, ndipo palibe kuika pa Facebook chithunzi cha mayi wa eni ake ndi mawu omvetsa chisoni kuti anthu atiyamikire. Dzifunseni ngati mungakonde kuti amayi anu aoneke choncho pa tsamba la mlendo. Mukajambula lichero, funsani woluka ngati akufuna dzina lake litchulidwe, chifukwa ntchitoyo ndi yake. Maluwa awonso tisawatenge n'kudzapatsa oluka a kuno kuti azikopera.

Phunzirani moni. M'mawa amati "Mwabuka buti?" ndipo mumayankha kuti "Ndabuka kabotu." Pothokoza mumati "Twalumba." Musafike ndi Chishona poganiza kuti ndicho chilankhulo cha aliyense ku Zimbabwe. Anthuwa anavutikira chilankhulo chawo, ndipo mawu atatu a Chitonga olankhula mopotoka adzakutsegulirani zitseko zambiri. Atsikana tengani zitenje, anyamata vulani zisoti pamaso pa akuluakulu, monga kwathu komwe. Za kusamutsidwa kuja musayambe ndinu kufunsa tsiku loyamba ngati mafunso a mayeso. Okalamba amene anakwera malole aja ali ana alipobe ena. Akafuna kufotokoza, khalani pansi mumvetsere, foni ili m'thumba.

Thupi nalo likonzekere. Chigwa cha Zambezi chimatentha koopsa, makamaka Okutobala ndi Novembala, ndipo malungo aliko. Aliyense atenge neti, botolo la madzi ndi chipewa. Nyanjayo ndi yokongola koma ili ndi ng'ona ndi mvuu zambiri, choncho zosambira ngati ku Salima iwalani.

Pali funso limodzi lovuta limene ndikufuna tidzalikambirane poyera pa msonkhano wa Loweruka. Tiphatikize ndalama zonse za thiransipoti, mapasipoti ndi chakudya, kenako tiwerengere kuti ndalama imeneyo ikanagula malichero angati. Ngati ulendo wathu sudzasiyira amayiwo phindu loyandikira pamenepo, tikhala titapita kukadzisangalatsa tokha m'dzina lawo. Njira yowongolera ilipo: tipatule gawo la ndalama zathu likhale loguliratu malichero pa mtengo wawo, tipezeretu kuno anthu ndi mashopu oti adzagule, ndipo tisankhe anthu awiri oti azidzalumikizana ndi gululo chaka chonse tikabwerako. Paja mlendo ndi mame. Tidzakhalako masiku owerengeka, koma oda yobwera mwezi ndi mwezi imatha kulipira fizi mpaka mwana kumaliza sukulu.

Pa ulendo, basi yathu idzadutsa ku Tete, ndipo tidzawoloka Zambezi pa mlatho tisanafike pa boda ya Nyamapanda. Musadzagone pamenepo. Madzi amene mudzaone pansipo adutsa pamwamba pa midzi, madimba ndi manda a anthu amene tikupita kukawachezera. Kuchokera apo ndi Harare, Bulawayo, kenako msewu wautali wotsikira kuchigwa.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Aliyense afunse wachikulire wa kwawo zimene akukumbukira za chitaganya, ndiponso ngati m'banja mwanu munali wina amene anagwira ntchito ku Kariba kapena kwina ku Southern Rhodesia. Aliyense abwere ataloweza moni wa Chitonga uja. Ndipo aliyense abwere ndi dzina la munthu mmodzi kapena shopu imodzi imene yavomera kudzagula lichero la ku Binga pa mtengo wosanenerera. Tionane Loweruka, ndipo chonde tisunge nthawi.